Njira Zolera za Mahomoni ndi Nkhama za Amayi Ovala Mawaya Owongolera Mano

Nthawi zina kusikelo ya kulera kumabwera mayi wachitsikana wovala mawaya owongolera mano, amene ambiri amangowatchula kuti mabulesi. Iye amadandaula kuti nkhama zake zatupa ndipo zimatuluka magazi akamatsuka mkamwa, kenako n'kufunsa ngati vutolo layamba chifukwa cha jakisoni kapena mapiritsi olera. Wina amafika atatsimikiza kale mumtima kuti asiya njirayo, poti mnzake wamuuza kuti mankhwala olera amagwedeza mano. Yankho limene namwino kapena mlangizi wa zaumoyo angapereke pa mphindi imeneyo ndi lofunika kwambiri. Akayankha mongochotsa udyo, nkhama za mayiyo zipitiriza kuwonongeka. Akavomereza mphekesera, mayiyo angasiye kulera n'kutenga pathupi asanakonzekere.

Mahomoni a m'njira zolera amafikadi kunkhama ndi kufupa limene limagwira mano, ndipo amatha kusintha mmene ziwalozi zimachitira zikakumana ndi tizilombo kapena mphamvu ya waya. Koma chimene chimayambitsa kutupa kwa nkhama ndi litsiro lomata m'mano. Kumvetsa kusiyana kwa zinthu ziwirizi kumathandiza wogwira ntchito zaumoyo kupereka uphungu woteteza mano popanda kusokoneza kulera.

Mmene dzino limasunthira m'fupa

Dzino silinamatiridwe kufupa la nsagwada ngati mmene msomali umalowera m'thabwa. Pakati pa muzu wa dzino ndi fupa pali kampata kakang'ono, pafupifupi mamilimita 0.2, kodzaza ndi timinyewa tolimba, timitsempha ta magazi ndi maselo. Madokotala a mano amatchula kachigawo kameneka kuti periodontal ligament. Ndi kamene kamachititsa kuti dzino lizinyenyeramo pang'ono munthu akamatafuna, ndipo ndi kamene kamatheketsa ntchito yonse yowongola mano.

Waya akamakankha dzino, mbali imodzi ya timinyewati imapanikizika pamene mbali inayo imakokeka. Kumbali yopanikizika, maselo amatulutsa timadzi toitana maselo ophwanya fupa, otchedwa osteoclast, amene amakumba fupa pang'onopang'ono kuti dzino lipeze njira. Kumbali yokokeka, maselo omanga fupa, otchedwa osteoblast, amawaka fupa latsopano pamalo pamene dzino lachoka. Carl Sandstedt wa ku Sweden anasonyeza zimenezi poyesa pa agalu m'chaka cha 1904. Zonse zikamayenda bwino, dzino limasuntha pafupifupi milimita imodzi pamwezi, n'chifukwa chake mawaya amavalidwa kwa chaka chimodzi ndi theka, zaka ziwiri kapena kupitirira.

Pali mapuloteni awiri amene amalamulira kuchuluka kwa maselo ophwanya fupa. Loyamba, lotchedwa RANKL, limadzutsa maselowa kuti akhwime ndi kuyamba ntchito. Lachiwiri, lotchedwa OPG, limagwira RANKL kuti asafike pa maselowo. RANKL akachuluka, fupa limaphwanyika mofulumira. OPG akachuluka, kuphwanyikako kumachepa. Timadzi tina toyambitsa kutupa, monga prostaglandin E2 ndi interleukin-1, timawonjezera RANKL. Choncho kusuntha kwa dzino kumadalira kutupa kwakung'ono kolamulirika kumene waya amayambitsa dala, kopanda tizilombo. Vuto limabwera pamene kutupa kwa tizilombo kwawonjezekera pamwamba pake, chifukwa njira zimene thupi limagwiritsa ntchito pa zonse ziwiri ndi zomwezo.

Pamene mahomoni amalowererapo

Estrogen ndi homoni imene imateteza mafupa a mayi. Imachulukitsa OPG, imachepetsa RANKL, ndiponso imafupikitsa moyo wa maselo ophwanya fupa. N'chifukwa chake amayi amene asiya kusamba, estrogen itatsika, mafupa awo amayamba kufooka. Popeza dzino silingasunthe fupa lisanaphwanyike kutsogolo kwake, ofufuza anaganiza kuti estrogen ikachuluka dzino liziyenda pang'onopang'ono, ndipo ikachepa liziyenda mofulumira.

Kafukufuku wochitika pa makoswe wagwirizana ndi maganizo amenewa. M'chaka cha 2001, Yamashiro ndi Takano-Yamamoto a ku Japan anapeza kuti mano ankasuntha mofulumira mwa makoswe aakazi amene anawachotsa timatumba ta mazira, kumene estrogen imapangidwa. Chaka chotsatira, Haruyama ndi anzake, a ku Japan komweko, anasonyeza kuti mano a makoswe ankasuntha kwambiri mphamvu ikaperekedwa pa masiku amene estrogen yatsika m'magazi kusiyana ndi masiku amene yakwera. M'chaka cha 2013, ofufuza a ku Iran anapatsa makoswe mahomoni a m'mapiritsi olera, ethinyl estradiol ndi norgestrel, ndipo mano a makoswewo anasuntha pang'ono poyerekeza ndi a makoswe amene sanalandire mankhwalawo.

Zotsatirazi n'zothandiza pomvetsa mmene thupi limagwirira ntchito, koma sizingatengedwe monga zilili n'kuziika pa munthu. Mahomoni a khoswe wamkazi amakwera ndi kutsika pa masiku anayi kapena asanu okha, fupa lake limakonzedwa mofulumira kuposa la munthu, ndipo kafukufuku wotere amatenga milungu yochepa pamene munthu amavala mawaya kwa zaka. Chimene chingatengedwepo n'chakuti ngati mapiritsi olera angakhudze liwiro la dzino, ndiye kuti angalichedwetse pang'ono. Kuchedwa kotero dokotala wa mano amakuona pa maulendo a mwezi ndi mwezi ndipo amasintha ndondomeko yake. Si ngozi pa moyo kapena pa dzino.

Njira zolera sizigwira ntchito mofanana

Mawu akuti njira za mahomoni amaphatikiza zinthu zosiyana, ndipo kusiyanaku n'kofunika kwambiri kuno ku Malawi. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi apabanja 30 mwa 100 alionse ankalera ndi jakisoni, pafupifupi 12 ankagwiritsa ntchito njira ya pamkono, ndipo awiri okha ndiwo ankamwa mapiritsi. Zambiri zimene zalembedwa pa nkhani ya kulera ndi mano zimanena za mapiritsi, pamene mayi wovala mawaya amene angafike kusikelo kuno nthawi zambiri amakhala wa jakisoni kapena wa pamkono.

Mapiritsi a mphamvu ziwiri, monga Microgynon, ali ndi estrogen ndi progestin. Piritsi lililonse la Microgynon lili ndi mamaikulogalamu 30 a ethinyl estradiol ndi 150 a levonorgestrel. Mapiritsiwa amaletsa timatumba ta mazira kupanga estrogen yambiri, koma amabwezeretsa ina kuchokera m'piritsimo, motero mafupa a mayi wamkulu sasintha kwenikweni.

Jakisoni wa Depo-Provera, wa mamiligalamu 150 obaya mumnofu pa miyezi itatu iliyonse, ndi Sayana Press, wa mamiligalamu 104 obaya pansi pa khungu, ali ndi progestin yokha yotchedwa DMPA. Mankhwalawa amatsitsa estrogen ya m'thupi ndipo sabwezeretsa ina. Chifukwa cha ichi mafupa amachepa kulimba pang'ono pa nthawi imene mayi akubayitsa, ndipo mwa amayi ambiri kulimbako kumabwerera akasiya. Bungwe la World Health Organization silinaike malire pa kagwiritsidwe ntchito ka jakisoniyu kwa amayi a zaka 18 mpaka 45, ndipo kwa ochepera zaka 18 kapena opitirira 45 limati ubwino wake umaposa chiopsezo. Potengera mmene estrogen imatetezera fupa, jakisoni amakankhira fupa kumbali yosiyana ndi ya mapiritsi. Zimene zingayembekezeke kwa mayi wa jakisoni si kuchedwa kwa dzino, koma fupa losavuta kuphwanyika, makamaka pamene nkhama zili kale ndi matenda.

Njira za pamkono, monga Jadelle ndi Implanon, zimatulutsa progestin pang'onopang'ono ndipo sizitsitsa estrogen mofanana ndi jakisoni. Lupu ya kopa ilibe mahomoni, choncho sikhudza nkhama kapena fupa. N'chifukwa chake funso lakuti kodi mayi akulera silikwanira. Chofunika kudziwa ndi njira imene akugwiritsa ntchito ndi nthawi imene anayamba.

Zimene zimachitika m'nkhama

M'nkhama muli maselo amene amalandira estrogen ndi progesterone. Progesterone ikachuluka, timitsempha ta magazi ta m'nkhama timatakasuka ndipo timatulutsa madzi ambiri m'kampata ka pakati pa dzino ndi nkhama. Nkhama zimafiira, zimatupa ndipo sizichedwa kutuluka magazi. M'chaka cha 1982, Kornman ndi Loesche anasonyezanso kuti tizilombo tina ta mkamwa, timene masiku ano timatchedwa Prevotella intermedia, timatha kugwiritsa ntchito mahomoniwa m'malo mwa vitamini K kuti tikule.

Mbiri yakuti mapiritsi olera amatupitsa nkhama inachokera m'zaka za m'ma 1960, ndipo pa nthawiyo inali ndi maziko. Piritsi loyamba, Enovid, limene linaloledwa ku America m'chaka cha 1960, linali ndi mamaikulogalamu 150 a estrogen yotchedwa mestranol. M'chaka cha 1967, Lindhe ndi Björn a ku Sweden anaona kuti madzi otuluka m'nkhama ankachuluka mwa amayi omwa mapiritsi a nthawiyo. Mapiritsi a masiku ano ali ndi mamaikulogalamu 20 mpaka 35 okha a estrogen. M'chaka cha 2001, Preshaw ndi anzake anapempha amayi omwa mapiritsi atsopanowa ndi amayi osamwa kuti asiye kutsuka mano ena kwa milungu itatu. Nkhama zinatupa m'magulu onse awiri, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni pakati pawo. M'chaka cha 2005, Taichman ndi Eklund anasanthula zotsatira za kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ku America ndipo sanapeze mgwirizano pakati pa mapiritsi a masiku ano ndi matenda a nkhama.

Pali zotsatira zina zimene zikuchenjeza. Kafukufuku wa m'chaka cha 2000 pakati pa amayi a kumidzi ku Sri Lanka, wotsogoleredwa ndi Tilakaratne, anapeza kutupa kwa nkhama kochuluka mwa amayi ogwiritsa ntchito njira za mahomoni, ndipo amene anazigwiritsa ntchito kwa zaka zingapo nkhama zawo zinali zitayamba kulekana ndi mano. M'chaka cha 2012, Taichman ndi anzake anapeza kuti amayi a ku America a zaka 15 mpaka 44 amene anagwiritsapo ntchito jakisoni wa DMPA ankapezeka kwambiri ndi nkhama zotuluka magazi komanso chiseyeye. Kafukufuku wotereyu amapima anthu kamodzi kokha, choncho amasonyeza kuti zinthu ziwiri zikupezekera limodzi koma satsimikiza kuti china chayambitsa chinzake. Komabe ndi chifukwa chokwanira choti mayi wa jakisoni amene wavala mawaya aziyang'anidwa mkamwa pafupipafupi.

Litsiro la m'mano ndi mawaya

Chiyambi cha kutupa kwa nkhama chinasonyezedwa bwino m'chaka cha 1965 ndi Harald Löe ndi anzake ku Denmark. Anthu a nkhama zathanzi atasiya kutsuka mano, onse anatupa nkhama pakati pa masiku 10 ndi 21. Atayambiranso kutsuka, nkhamazo zinachira patapita pafupifupi mlungu umodzi. Litsiro lomatali, limene madokotala amalitchula kuti plaque, ndi gulu la tizilombo timene timamatirira pa dzino, makamaka m'mphepete mwa nkhama.

Mawaya amachulukitsa malo obisalamo litsiro. Tizitsulo tomata pa dzino, timphira togwira waya ndiponso waya mwiniwakeyo zimakola tizidutswa ta nsima, ndiwo ndi zotsekemera pamalo amene mswachi wamba umavutika kufika. Anthu ambiri ovala mawaya, amuna ndi akazi omwe, amatupa nkhama pa miyezi yoyambirira. Mwa mayi wolera ndi mahomoni, litsiro lomwelo likhoza kutupitsa nkhama kwambiri kuposa mwa mnzake, chifukwa mahomoni amakulitsa mmene thupi limayankhira. Litsirolo likachotsedwa, mahomoniwo amasowa chokulitsa.

Kutupa kwa nkhama zokha kumachira. Choopsa ndi pamene matendawa alowa pansi n'kuyamba kudya timinyewa togwira muzu ndi fupa. Kukankha dzino limene fupa lake likudyedwa kale ndi tizilombo kumafulumizitsa kuwonongekako, ndipo fupa lotayika motere silibwerera lokha. Ichi ndicho chifukwa madokotala a mano amayamba achiza chiseyeye asanaike mawaya, ndipo amatha kuimitsa kaye kukankha mano matendawa akaoneka pakati pa chithandizo.

Mankhwala ena amene amakumana panjira

Zinthu zitatu zimachitika kawirikawiri kwa mayi amene akulera komanso akuwongola mano. Choyamba ndi mankhwala opha ululu. Ibuprofen, amene ambiri amamudziwa kuti Brufen, ndi anzake a m'gulu lomwelo amaletsa thupi kupanga prostaglandin, imene ndi yofunika kuti dzino lisunthe. Mankhwala a gulu limeneli amaperekedwanso kwa masiku ochepa kwa amayi amene akutaya magazi mosalongosoka chifukwa cha jakisoni kapena njira ya pamkono. Kumwa kwa masiku asanu sikungasokoneze ntchito ya zaka ziwiri, koma pa ululu wobwera waya akangomangidwa kumene, paracetamol ndiye woyenera kuyambira.

Chachiwiri ndi mankhwala opha tizilombo. Amoxicillin ndi metronidazole, amene amaperekedwa pa matenda a mkamwa, sachepetsa mphamvu ya njira zolera. Amene amachepetsa mphamvu ya mapiritsi ndi njira ya pamkono ndi rifampicin, wa chifuwa chachikulu. Mayi womwa mapiritsi olera akasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, atsatire malangizo anthawi zonse a piritsi lophonyedwa.

Chachitatu ndi kuzula dzino, kumene nthawi zina kumachitika pofuna kupeza malo osunthiramo mano ena. Amayi omwa mapiritsi okhala ndi estrogen amakhala pachiopsezo chokulirapo choti magazi oundana pachilonda asungunuke msanga, fupa n'kukhala pamtunda ndi kuwawa kwambiri patatha masiku awiri kapena atatu. Kusuta fodya kumawonjezera chiopsezochi. Dokotala akadziwiratu kuti mayi akumwa mapiritsi, amamulangiza bwino za kasamalidwe ka chilondacho.

Zimene ogwira ntchito zaumoyo angachite

Maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'dziko muno m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa mkamwa inakhazikitsidwa m'chaka cha 2022. Ngakhale zili choncho, madokotala a mano akadali ochepa kwambiri. Munthu amene amaonana ndi mayi wolera miyezi itatu iliyonse ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena wongodzipereka wogawa njira zolera m'mudzi. Amenewa ndiwo angaone vuto likadali laling'ono.

Kuyamba kwake n'kufunsa ndi kuyang'ana. Funso likhoza kukhala lakuti, “Achemwali, nkhamazi zinayamba liti kutuluka magazi, musanaikitse mawaya kapena mutaikitsa? Nanga mumatsuka bwanji pansi pa waya?” Kawirikawiri yankho limasonyeza kuti vuto linayamba ndi mawaya, kapena kuti mayiyo anasiya kutsuka pamalo otuluka magazi poopa kudzipweteka, zimene zimangochulukitsa litsiro.

Malangizo ake ndi awa. Azitsuka mano kawiri pa tsiku kwa mphindi zosachepera ziwiri, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mswachi uziloza m'mphepete mwa nkhama, kenako pamwamba ndi pansi pa kachitsulo kalikonse. Kamswachi kakang'ono kolowa pakati pa mano kamathandiza pansi pa waya. Akadya masana azichukucha mkamwa ndi madzi aukhondo. Asasiye kutsuka chifukwa cha magazi, pakuti kutsuka bwino ndiko kumawaletsa, nthawi zambiri pasanathe milungu iwiri. Mankhwala ochukuchira a chlorhexidine amathandiza kwa masiku ochepa dokotala akalamula, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amadetsa mano.

Wogwira ntchito zaumoyo aganizirenso zifukwa zina zotupitsa nkhama: pathupi, matenda a shuga, kusuta fodya, HIV, kusowa vitamini C, ndi mankhwala monga phenytoin wa khunyu kapena nifedipine ndi amlodipine a kuthamanga kwa magazi, amene amatha kukulitsa nkhama. Mayi atumizidwe kwa dokotala wa mano mwamsanga ngati nkhama zikutuluka mafinya, zikutuluka magazi zokha osazikhudza, zili ndi zilonda zowawa ndi fungo loipa, zikusendera pansi mpaka muzu kuonekera, kapena ngati dzino likugwedera kwambiri. Kugwedera pang'ono kwa mano amene akusunthidwa n'kwachibadwa. Atumizidwenso ngati palibe kusintha patatha milungu iwiri akutsuka bwino.

Kumbali ya dokotala wa mano, funso la njira yolera liyenera kukhala limodzi mwa mafunso anthawi zonse okhudza mankhwala, ndipo lifunsidwe pamalo obisika. Amayi ambiri saona jakisoni kapena njira ya pamkono ngati mankhwala oti angatchule. Atsikana ena amabwera ndi makolo amene sakudziwa kuti mwana wawo akulera, ndipo amayi ena sanauze amuna awo. Funso lofunsidwa pagulu limapeza yankho labodza ndipo likhoza kumuika mayiyo m'mavuto kunyumba.

Mayi akafuna kusintha njira pa zifukwa zake, ali ndi ufulu wotero ndipo athandizidwe kusankha ina asanasiye yoyambayo. Koma kusiya kulera pofuna kupulumutsa nkhama sikuthandiza. Pa nthawi ya pathupi, estrogen ndi progesterone zimakwera kwambiri kuposa mmene njira iliyonse yolera ingazikwezere, nkhama zimatupa mosavuta, ndipo amayi ena amamera kachotupa kotuluka magazi pankhama. Mayi wovala mawaya amene wasiya jakisoni n'kutenga pathupi amakumana ndi vuto lomwe ankalithawa lija litakula. Uthenga woti apite nawo kunyumba ndi wakuti apitirize njira yake yolera, atsuke pansi pa waya tsiku lililonse, ndipo pa ulendo wotsatira akauze dokotala wake wa mano njira imene akugwiritsa ntchito.